Musataye mazira osukusa musanaone m'kati mwake

Tsiku la 21 lafika, la 22 ladutsa, thadzi lanu latsika pachisa ndi anapiye atatu okha pa mazira 12 amene munaliikira. Otsalawo angoti zii, azizira. Ambirife timangowatola titagwira mphuno n'kukawaponya kudzala kapena m'chimbudzi. Wina amati ndi mabingu a sabata yatha, wina amati mwana anawagwira ndi manja amafuta, winanso amati nkhukuyo njopanda mwayi. Mwezi wamawa tiikiranso ena pachisa chomwecho, tambala yemweyo, kasungidwe komweko, ndipo asukusanso.

Ine ndimasunga nkhuku zochepa kuseri kwa nyumba ku Lilongwe, zachikuda zingapo ndi za Mikolongwe, ndipo sindiwetera malonda. Ndimangokonda kuona mwanapiye akutuluka m'dzira limene ndinalitola ndekha. Zaka ziwiri zoyambirira zinandiwawitsa mtima chifukwa theka la mazira silinkaswa, kaya pansi pa thadzi kaya m'kamakina koswera mazira kamene ndinagula pambuyo pake. Zinthu zinayamba kusintha pamene mlangizi wina wa ziweto anandifunsa funso limene ndinasowa nalo yankho: anapiyewo akufa pa tsiku lachingati? Yankho lake limakhala m'dzira lomwelo limene timathamangira kukataya. Mukadziwa tsiku limene moyo unaima, mwayandikira chimene chinauimitsa, ndipo mudzasiya kugula mankhwala a vuto limene mulibe.

Choncho dikirani mpaka tsiku la 23, chifukwa ena amachedwa. Kenako tengani otsalawo mupite nawo kutali ndi khola, muvale jumbo kumanja, mugogode dzira lililonse kumbali yake yaikulu n'kulisenda pang'onopang'ono. Limene likununkha kale kapena likutuluka timadzi pachigoba musaliswe, likwirireni lathunthu, chifukwa limaphulika. Enawo lembani m'kope zimene mwapeza: angati opanda kanthu, angati a magazi, angati ali ndi kamwana kakang'ono, angati ali ndi mwanapiye wathunthu wa nthenga. Mukamaliza kwirirani zonse mozama kuti galu asalaweko, popeza galu akazolowera mazira sasiya, ndipo musambe m'manja ndi sopo.

M'kati mulibe kanthu

Mukapeza madzi oyera ndi chachikasu basi, popanda kadontho ka magazi, maso anu apite kwa tambala. Koma musafulumire kunola mpeni. Mawa mukamakonza mazira atsopano a nkhuku zomwezo, aswereni m'mbale muyang'anitsitse pa chachikasucho. Dzira lililonse lili ndi kadontho koyera pamenepo. Kakakhala kakang'ono kwambiri, kongoti mbee ngati kanjere ka mchere, tambala sanafikepo. Kakakhala kokulirapo, kozungulira bwino, kokhala ndi kamzere m'mphepete ngati kamphete, dziralo lili ndi mbewu. Yesani mazira asanu kapena asanu ndi limodzi ochokera ku nkhuku zosiyana. Ngati ambiri ali ndi kamphete, tambala wanu alibe mlandu. Mazira aja anafa pa tsiku loyamba kapena lachiwiri magazi asanapangike, ndipo nkhani yanu ili pa kasungidwe, zimene ndifotokoze posachedwapa.

Ngati kamphete kakusowa, werengani nkhuku zanu. Tambala mmodzi amakwanitsa bwino mathadzi pafupifupi 10. Akachuluka, iye amasankha owakonda, ndipo mudzawazindikira ndi msana wothothoka nthenga pomwe ena ali osalala. Atambala awiri m'khola laling'ono amathera tsiku akuthamangitsana, wina akangokwera mnzake wafika kale. Tambala wopitirira zaka zitatu, wonenepa kwambiri, kapena wotupa phazi amalira bwinobwino m'mawa koma ntchito yachepa. Kutentha kwa Okutobala nako kumachepetsa mbewu, motero mthunzi ndi madzi ozizira amafunika kwa iyenso.

Pali china chimene timachinyalanyaza m'mawa ndi madzulo, ndicho chibale. Tambala yemweyo akwera ana ake, kenako zidzukulu zake, ndipo chaka ndi chaka mazira oswa amachepa, anapiye amabadwa ofooka. Sinthani tambala pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo wosinthana naye akhale wakutali, osati woyandikana naye nyumba amene nkhuku zake n'zobadwa ku zanu zomwe. Watsopanoyo mumutsekere payekha masiku 14 asanakumane ndi anzake, chifukwa chitopa chimakonda kulowa pakhomo ndi nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa. Dziwaninso kuti thadzi limasunga mbewu m'thupi mpaka masabata awiri kapena atatu, ndiye anapiye oyambirira akhoza kufanana ndi tambala wakale uja.

Mazira a pathireyi a m'golosale, ochokera ku nkhuku zoikira za m'mafamu, saswa ngakhale mutawafungatiritsa mwezi wathunthu. Kumeneko kulibe tambala.

Kamzere ka magazi

Apa ndi pamene ine ndinapeza vuto langa lalikulu, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri oweta pakhomo alinso pomwepa. Mukaswa dzira mupeza kamzere kofiira kozungulira, kapena kakanthu kakang'ono ngati nyemba kokhala ndi kadiso kakuda. Ameneyu anayamba moyo n'kufa sabata yoyamba isanathe.

Ganizirani mmene thadzi lachikuda limachitira. Limaikira dzira lero, mawa lipuma, mkuja liikiranso, mpaka akwane 12 kapena 15. Pofika tsiku loti liyambe kufungatira, dzira loyamba lakhala pachisa masabata atatu. Dzira lofuna kuswa limakhala lamphamvu m'masiku 7 oyambirira, mpaka 10 likhoza kupirira, koma kupitirira apo mphamvu imatsika tsiku ndi tsiku. Ndiye tolani mazira tsiku lililonse, musiye limodzi lokha pachisa lolembedwa chizindikiro kuti nkhuku isasamuke, ndipo lililonse mulembepo deti ndi pensulo. Thadzi likagona pachisa usiku uwiri wotsatizana, likumafufuma ndi kujompha mukaliyandikira, lafungatiradi. Lipatseni atsopano okhaokha, akalewo mudye.

Kosungirako n'kofunika kuposa mmene timaganizira. Dzira likakhala pamalo otentha, kamwana kamayamba kukula mwa apo ndi apo masana n'kuima usiku, ndipo kamafooka kasanafike n'komwe pansi pa mayi wake. Kutentha kwabwino kosungira ndi madigiri 12 mpaka 16, komwe m'nyumba ya malata m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala simungakupeze, makamaka ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Salima. Furiji nayo imazizira mopitirira. Chimene ndimachita ine n'kuika mazira m'mphika wadothi, mbali yosongoka italoza pansi, pa utuchi wouma, mphikawo n'kuukhazika mumchenga wonyowa pakona yozizira ya nyumba. Madzi asafike pa mazirawo. Kamodzi patsiku ndimapendeketsa mphikawo mbali ina kuti chachikasu chisamatirire kuchigoba. M'nyengo yotentha kwambiri ndimangofungatiritsa mazira osapitirira masiku asanu, ndipo ndikatha kudikira, ndimadikira kuti kuzizireko.

Musatsuke dzira lofuna kuswa. Limatuluka mwa mayi wake litakutidwa ndi kakhungu kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba, ndipo madzi amakachotsa n'kulowetsa tizilombo m'kati. Lodetsedwa pang'ono lipukuteni ndi kansalu kouma, lodetsedwa kwambiri ndi zitosi lipite kukhitchini. Chimodzimodzinso long'aluka, lopyapyala chigoba, lalitali modabwitsa, laling'ono kwambiri kapena lalikulu loti mwina lili ndi zachikasu ziwiri.

Ngati mazirawo munawagula kutali n'kubwera nawo pa minibasi kapena pa kabaza mumsewu wa mabampu, kugwedezekako kumasokoneza za m'kati. Akutireni limodzilimodzi, muwanyamule pamiyendo osati pansi pampando, ndipo mukafika muwasiye apume tsiku lathunthu mbali yaikulu ili m'mwamba musanawaike pachisa. Ngakhale mutatero, oswa adzakhala ochepa poyerekeza ndi a pakhomo panu, ndipo musakhumudwe nazo.

Tsopano za chisa chenicheni. Thadzi labwino limatsika kamodzi patsiku, mphindi 15 mpaka 30, kukadya, kumwa, kuchita chimbudzi ndi kusamba m'fumbi, kenako n'kubwerera. Mukaliona likungoimaima pamazira, likudzijompha, kapena likukhala panja maola, lowetsani dzanja m'udzu wa pachisa usiku muli ndi tochi. Kawirikawiri mudzaona utitiri ukuyenda padzanja panu. Tizilomboti timabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'nsungwi masana, usiku n'kumayamwa magazi, ndipo nkhuku yofungatira ndiyo imavutika kwambiri chifukwa sisuntha. Nkhope yake imatuwa, imawonda, mapeto ake imathawa chisa, nthawi zina imafera pomwepo. Udzu wakale uziotchedwa nkhuku iliyonse ikamaliza kuswa. Musanayale watsopano, thirani phulusa losefa pansi ndi m'ming'alu, ndipo ena amaikamo masamba ouma a fodya. Utitiri ukachuluka, gulani ufa wopangidwira nkhuku ku shopu ya mankhwala a ziweto. Mankhwala opopera thonje kapena tomato asafike pa nkhuku, amapha mayi pamodzi ndi mazira.

Mazira asachuluke kuposa thupi la nkhuku. Thadzi laling'ono lachikuda limafundika bwino 8 mpaka 10, lalikulu 12. Limodzi likamaonekera kunja kwa nthenga, achuluka, ndipo popeza nkhuku imawasinthasintha malo, onse amalawa kuzizirako. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chepetsaninso awiri. Chisacho chikhale chotchingidwa kuti nkhuku zina zisaikiremo, chifukwa dzira loonjezedwa pa tsiku lachisanu lidzakhala lisanakhwime pamene mayi akutsika ndi ana oyamba, ndipo lidzasiyidwa. Ichi n'chifukwa chinanso cholembera mazira ndi pensulo: lopanda chizindikiro muzilichotsa madzulo alionse.

Nkhuku za Mikolongwe ndi mtundu wa Black Australorp wochokera ku Australia, umene boma lakhala likufalitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kuti atambala ake azikwera nkhuku zakumudzi, ndipo dzinalo zinatengera ku famu ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Zimaikira kwambiri koma si zonse zimene zimakhazikika pachisa mpaka tsiku lomaliza. Ine mazira ake ndimapatsa thadzi lachikuda limene linaswapo kale bwino. Msoti wofungatira koyamba sindiudalira ndi mazira amene ndawavutikira.

Simuyenera kudikira masabata atatu kuti mudziwe zonsezi. Pa tsiku la 7, usiku, tengani tochi yowala, ngakhale ya pafoni, muikhomeke kumbali yaikulu ya dzira mutaizinga ndi zala. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira totambasuka ngati miyendo ya kangaude, pakati pali kadontho kakuda. Lopanda mbewu limangowala lonse. Lakufa limaonetsa kamzere kozungulira kaja. Chotsani opanda moyowo asanawole n'kuphulikira anzawo. Nkhuku sikana mazira chifukwa choti mwawagwira, bola manja akhale oyera ndi ouma, ndipo muwabwezere msanga.

Wafera pakati

Kamwana kokhala ndi miyendo, mapiko ndi tinthenga toyamba, koma kosadzaza dzira, kanafa m'sabata yachiwiri. Izi sizichuluka. Zikachuluka, funsani zimene mathadzi anu ankadya mwezi umodzi asanaikire, chifukwa zonse zimene mwanapiye amakulira masiku 21 zinalowa m'dzira kuchokera mwa mayi. Nkhuku yotsekeredwa kuseri kwa mpanda wa njerwa, yodya madeya ndi nsima yotsala basi, imaikira mazira ooneka bwino koma osakwanira. Onjezani soya wokazinga ndi kupera, fumbi la usipa kapena bonya, chiswe, masamba obiriwira monga bonongwe ndi chammwamba, ndi zigoba za mazira kapena za nkhono zootcha n'kusinja. Soya wosakazinga musawapatse. M'makina, imfa ya pakatiyi imabweranso ngati mazira sakutembenuzidwa mokwanira kapena ngati anazizidwa nthawi yaitali.

Wathunthu, koma sanatuluke

Izi ndizo zimapweteka kwambiri: mwanapiye wa nthenga zonse, mwina ataboola kale chigoba, atafera m'kati. Pansi pa thadzi zimachitika mwa apo ndi apo, makamaka m'chilimwe chisa chikakhala pamwamba m'lichero louma gwa. Kuyala dothi lachinyezi pang'ono pansi pa udzu kumathandiza. Koma ambiri odandaula za vutoli ndi amene ali ndi makina oswera mazira, ndiye ndikhalitsepo.

Yambani n'kukayikira nambala imene makina anu akuonetsa. Makina okhala ndi fani amafuna madigiri 37.5, opanda fani amafuna pafupifupi 38.5 poyeza pamwamba penipeni pa mazira. Timakina tambiri totsika mtengo timalemba 37.5 pomwe m'kati muli 36.5 kapena 39. Gulani choyezera kutentha kwa thupi ku famase, chija amaika m'khwapa, muchigoneke pakati pa mazira, muyeze pakati ndi m'makona, ndipo muchite zimenezi makina atayaka tsiku lathunthu musanaikemo dzira ngakhale limodzi. Anapiye enieniwo adzakuuzaninso. Akamaswa pa tsiku la 19 kapena la 20, ali ang'onoang'ono, michombo yosatseka, mwatenthetsa. Akamaswa pa tsiku la 22 kapena la 23, ali ofooka ndi onata, kukuzizira. Makinawo akhale m'chipinda chosafika dzuwa, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa la masana likawomba pa chivundikiro kwa ola limodzi likhoza kupha onse.

Chinyezi ndicho chimasokoneza anthu, ndipo ine ndinataya anapiye ambiri chifukwa chodzaza madzi m'timbale tonse kuyambira tsiku loyamba poganiza kuti ndikuwathandiza. Dzira limayenera kuuma pang'onopang'ono. Kumbali yake yaikulu kuli mpata wa mpweya umene umakula madzi akamatuluka, ndipo pa tsiku la 19 kapena la 20 mwanapiye amaboola nembanemba n'kupuma mpweya wake woyamba mumpata umenewo asanaboole chigoba. Chinyezi chikachuluka m'masiku 18 oyambirira, mpatawo umakhala waung'ono, mwanapiye amatupa, ndipo akaboola amapeza madzi. Mukamuswa mupeza wonyowa, wonenepa, chachikasu chisanalowe chonse m'mimba. Chinyezi chikachepa kwambiri, mpata umakula mopitirira, nembanemba imauma n'kumumata ngati pepala, ndipo mupeza wamng'ono, wouma, atakanirira malo amodzi.

Nambala zake ndi 50 mpaka 55 peresenti m'masiku 18 oyambirira, kenako 65 mpaka 70 m'masiku atatu omaliza. Koma nyengo yathu imasintha kwambiri. M'Januwale mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, mpweya wa m'nyumba uli kale ndi chinyezi chambiri, ndipo mwina simufunika kuthira madzi konse mpaka tsiku la 18. M'Seputembala kuli gwa, madzi amatha msanga. N'chifukwa chake ndimakhulupirira dzira kuposa choyezera chinyezi. Pounika pa tsiku la 7, la 14 ndi la 18, jambulani ndi pensulo malire a mpata wa mpweya. Uzikula ulendo uliwonse, ndipo pa tsiku la 18 ufike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira, utapendekera mbali imodzi. Amene ali ndi kasikelo ka kukhitchini angathe kuyeza: dzira lizitaya magalamu 12 kapena 13 pa 100 alionse pofika tsiku la 18, kutanthauza kuti la magalamu 50 litsike kufika pa 44. Mpata ukamachedwa kukula chepetsani madzi, ukamathamanga onjezani. Chimene chimakweza chinyezi ndi kutambalala kwa madzi, osati kuya kwake, ndiye kambale kakakulu kosaya kapena siponji yonyowa zimagwira ntchito kuposa kapu yodzaza.

Kutembenuza nako kuli ndi malamulo ake. Ngati makina anu satembenuza okha, lembani X mbali imodzi ya dzira ndi O mbali inayo, muzitembenuza katatu kapena kasanu patsiku, kuti dzira lisagone mbali yomweyo usiku uwiri wotsatizana. Ngati ndi otembenuza okha, musangokhulupirira, muzionako masana ngati thireyi yasinthadi mbali. Mazira oimika azikhala mbali yaikulu m'mwamba nthawi zonse. Mukapeza mwanapiye atafa mutu uli kumbali yosongoka, kawirikawiri dziralo linaikidwa chozondoka kapena silinatembenuzidwe bwino. Pa tsiku la 18 siyani kutembenuza, agonekeni pa nsalu kapena pa waya wosaterera, onjezani madzi ofunda, tsekani.

Mukatseka, tsekanidi, koma timabowo ta mpweya tikhale totsegula. Ambiri amamata timabowoti kuti chinyezi chikwere, osadziwa kuti masiku omalizawa ndi pamene anapiye amafuna mpweya wochuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Chitseko ndicho chisatsegulidwe. Mukachitsegula kuti muonetse ana mwanapiye woyamba, chinyezi chimathawa nthawi yomweyo, ndipo nembanemba za amene aboola kale zimauma. Oswa msanga akhoza kukhala momwemo tsiku lathunthu osadya, popeza chachikasu chimene anameza chimawasunga mpaka masiku awiri.

Kuchokera pamene mwanapiye waboola kabowo koyamba mpaka kutuluka pamatha maola 12 mpaka 24, ndipo nthawi yambiri amakhala akungopuma, akumaliza kulowetsa magazi ndi chachikasu m'thupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukasenda chigoba nthawi isanakwane mudula timitsempha ndipo adzatha magazi muli kuona. Ngati padutsa maola oposa 24, akulirabe koma sakusuntha, ndipo nembanemba yauma n'kusanduka yabulauni, pamenepo mungathandize: nyowetsani nembanembayo ndi kathonje ka madzi ofunda osafikitsa kumphuno, chotsani tizidutswa ta chigoba pang'onopang'ono, ndipo mukaona magazi ngakhale pang'ono, imani, mubwezereni m'makina kwa maola ena angapo.

Nanga magetsi akathima? Dzira limapirira kuzizira kuposa kutentha. Maola awiri, atatu, ngakhale asanu sapha kawirikawiri, amangochedwetsa tsiku loswa. Musatsegule makina. Afundikeni bulangete, kusiya kampata ka mpweya, ndipo mdima ukatalika ikani mabotolo a madzi ofunda okulungidwa m'nsalu m'mbali mwake, osakhudza mazira. Magetsi akabwera chotsani bulangete msanga. Musaike makina pafupi ndi mbaula kapena padzuwa pofuna kupulumutsa mazira, amenewo ndiwo amaphika anapiye. Ndipo musataye mtima n'kutaya mazira: dikirani masiku atatu, muunike, muone amene akusuntha. Ngati kwanu magetsi amathima pafupipafupi, pogula makina sankhani olola batire ya 12V, imene mungatchaje ndi sola. Ine ndimayesetsanso kuyatsa makina nthawi imene thadzi limodzi lafungatira, kuti zikavuta mazira amene ndimawafunitsitsa ndiwasamutsire pansi pake usiku.

Mukamaliza kuswetsa, tsukani makina onse, muchotse tinthenga ndi zigoba, aume bwino. Tizilombo totsalira timalowa pa mchombo wa anapiye otsatira, ndipo amafa m'masiku atatu oyambirira mimba zitatupa ndi kununkha.

Aswa, koma akutha mmodzimmodzi

Mwina mazira anu akuswa bwino, koma pofika mwezi pa anapiye 10 patsala awiri. Oyenda ndi mayi wawo amathera kwa kabawi, makoswe, amphaka, linthumbu, ndi mame a m'mawa amene amawanyowetsa n'kuwazizira. Atsekereni pamodzi ndi mayi wawo m'kakhola kouma ka waya kapena pansi pa dengu lalikulu kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, muziwatulutsa dzuwa likakwera muli pomwepo. Madzi akhale m'kambale kosaya koikamo timiyala kuti asamire. Chakudya chikhale sitata wa anapiye, kapena mgaiwa wosakaniza ndi soya wokazinga ndi fumbi la usipa. Madeya okha sawakuza.

A m'makina alibe mayi, ndiye kutentha n'kwa inu. Sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35 pansi pa babu kapena pafupi ndi mphika wa makala, kenako muzichepetsa pafupifupi madigiri atatu sabata iliyonse. Akaunjikana n'kumalira mokweza akuzizidwa, akathawira m'mbali atayasamula milomo atenthedwa, akamwazikana n'kumadya ali bwino. Makala ayambe ayaka bwino panja utsi uthe, ndipo chipinda chikhale ndi polowera mpweya, chifukwa mpweya woipa wa makala umapha anapiye usiku mwakachetechete, ndi anthu omwe. Pansi yalani utuchi wa zipalapala kapena mankhusu a mpunga. Nyuzipepala kapena pulasitiki yoterera imatambalalitsa miyendo yawo. Tsiku lililonse muzitembenuza aliyense kuona ngati zitosi zamata kumatako, n'kuzichotsa ndi madzi ofunda. Mukaona zitosi za magazi pa masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, anapiye atafufuma, imeneyo kawirikawiri ndi coccidiosis, nthenda ya m'matumbo yobwera ndi pansi ponyowa. Sinthani zoyala tsiku lomwelo ndipo mukaonane ndi alangizi a ziweto za mankhwala ake.

Chitopa ndicho chimasesa khola lonse, akulu ndi ana, makamaka m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Zitosi zobiriwira zamadzi, kupuma mobanika, mapiko ali lende, khosi lopindika, ndipo nkhuku zimagwa zambiri m'masiku ochepa. Chilibe mankhwala ochiza, makapisozi amene timasungunulira m'madzi sachigwira. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, kuyambira mwanapiye mpaka tambala, miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe ponyamula mukulunge botolo m'kansalu konyowa, lisaone dzuwa, ndipo mukalitsegula mulimalize m'masiku awiri kapena atatu. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za pakhomo limodzi, ndiye gwirizanani ndi oyandikana nawo mutemere tsiku limodzi, popeza nkhuku zawo zimadya ndi zanu. Zodwala kale musatemere. Thadzi lotemeredwa lisanayambe kuikira limapatsirako ana ake chitetezo kudzera m'dzira, chimene chimawasunga masabata oyambirira. Anapiye oswa pakati pa nthawi za katemera musawadikiritse miyezi inayi, funsani wotemera wa m'dera lanu tsiku limene atsegule botolo lina, muwatengere komweko.